Makapisozi m'madeya

Nkhumba zanga zikayamba kutsegula m'mimba, ndinkapita ku Linthipe kukagula makapisozi omwa anthu, ofiira mbali ina, achikasu mbali inayo. Ndinkawatsegula n'kuthira ufa wake m'madeya. Poyamba kapisozi mmodzi ankakwana. Kenaka anafunika awiri, kenaka odzaza dzanja, koma tiana ta nkhumba tinkafabe. Alangizi anati tizilombo toyambitsa matendawo tazolowera mankhwalawo, ndisiye. Ndisiye bwanji, khola lonse likulira? Ndinkathirabe uku ndikutukwana chamumtima.

Chaka chatha ndinadzicheka mwendo ndi lata la pakholapo, ndipo chilonda chinakana kupola. Kuchipatala anandipatsa kathumba ka mankhwala. Ndinakatsegula panjira. Anali makapisozi omwe aja, ofiira ndi achikasu.