Dzanja silimera kawiri

Ndinali ndi zaka khumi pomwe ndinaterereka pa kanjira ka m'mbali mwa Chongoni, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Ndinatsamira dzanja lamanja, ndipo pamfundo pomwe dzanja limakumana ndi mkono panalira ngati phesi louma. Pofika kunyumba dzanjalo linali litapindika, zala zitatupa.

Kwathu nkhani ya mwana amagamula ndi malume, mwini mbumba. Bambo amangokhala chete ngati mlendo. Amalume anga a Lunguzi anafika nayamba kuyala maganizo awo. Sing'anga wa mafupa anali tsidya lina la dambo: atema mphini, amanga nsungwi ndi luzi, basi. Kuchipatala kunali kutali, akandiika chikhakha chomwe chikandimanga osathandiza kumunda mpaka mbatata yonse itakumbidwa. Komanso pachipata cha chipatalacho pankaima achinyamata a chipani ofunsa khadi, ndipo amayi analibe ya chaka chimenecho.

Amayi anamvetsera atagwada. Kenako anagwira zala zanga n'kupeza zazizira. Anatsina chala chachikulu, ine osamva kanthu.

"Achimwene, mbumba ndi yanu, sindikukana," anatero. "Nsungwi zija zinachiritsa ambiri, koma uyu fupa lachoka m'malo. Mbatata tidzalima ina. Dzanja silimera kawiri."

"Nanga achinyamata aja mukawauza chiyani?"

"Zimenezo n'zanga."

Amalume anatsokomola, navala chipewa. Sanavomere ndi pakamwa, amuna a kwathu satero, koma ndi iwo amene anandibereka mpaka pa Chimbiya kukakwera basi.

Pachipata zinachitikadi. Amalume anaonetsa khadi yawo nalowa nane, koma achinyamata aja anawakhazika amayi pansi padzuwa ngati wakuba, odutsa akuwayang'ana. Mkati adokotala anakoka fupa kulibwezera m'malo, ine ndikukuwa mpaka mawu kutha. Potuluka ndi chikhakha changa choyera ndinawapeza amayi ali pomwepo, fumbi lili mbuu m'miyendo, mutu uli chilili. Anatsinanso chala chija, ndinalumpha, iwo n'kuseka.

Chaka chimenecho mbatata ina inaolera m'munda, ndipo amalume sanaleke kuitchula. Lero ndimasoka madiresi pa Mayani ndi dzanja lomwelo, loongoka bwinobwino, ngakhale limabaya kukazizira. Ndinadzazindikira nditakula kuti njira zonse ziwiri zinali ndi mtengo wake. Amayi anangosankha ija yoti wolipira akhale iwo, osati ine, ndipo ndimawanyadira mpaka pano.