Wonga wa Malemu Malume

Chipolopolo chimene chinadula zala za mkulu wanga sichinali mu mfuti. Chinali m'dzanja lake lamanzere, akuchikolokosa ndi msomali. Kunali ku Sandwe, m'zaka za chipani chimodzi, chimanga chitangomasula ngayaye.

Zipolopolozo zinali za malume athu, mlenje amene tinali titangowaika m'manda. M'masitolo a ku Petauke zipolopolo zinkasowa ngati sopo, choncho malume ankasunga zigoba zowombera kale n'kuthiramo wonga wawo. Mu wongamo ankasakaniza mankhwala a ulenje, ufa wa muzu umene sanautchulepo kwa munthu. Kwathu katundu wa mwamuna amapita kwa mwana wa mlongo wake, motero mfuti inagwera mkulu wanga. Koma mankhwala sasiyirana. Akuluakulu anagamula pamaliro pomwepo kuti wonga wa wakufa usawombedwe ndi wina, ukatayidwe mumtsinje. Zigobazo sakanazitaya, pakuti njovu zinali zitayamba kulowa m'minda. Zipolopolozo zinayenera kumasulidwa, wonga uchotsedwe, zigoba zitsale zoti adzathiremo wina.

Ntchitoyi ndinaonapo malume akuigwira. Ankakhala panja, kutali ndi moto, fodya atamusiya m'nyumba, ana atawathamangitsa. Ankagwira chimodzi chokha, thumba la zinazo lili patali. Wonga akakhuthula ankautsekera m'nsupa asanatenge china. Fataki, kabatani ka kutako kamene kamayatsa wonga, sankakayandikiza chitsulo.

Mkulu wanga anakakhala m'khitchini. Ankaopa anyamata a chipani amene ankayenda m'midzi kufunsa makadi, pakuti akaona zotere ankakanena kupolisi. Moto anauzimitsa. Koma thumba lonse linali pambali pake, ndipo wonga ankaukhuthulira m'mbale yosavundikira pakati pa miyendo.

Akazi a malume anaima pakhomo, mutu wometa wa pamaliro.

"Tulukani nazo izo, bambo. Amalume anu sanalowepo nazo muno."

"Amalume sankaopa chipani, amai, ankachidyetsa nyama," anatero mkulu wanga osadzutsa mutu. "Ine ndichidyetsa chiyani, maungu?"

M'chigoba china wonga unali utauma gwa ndi chinyezi. Anaugogoda pabondo, sunatuluke. Analowetsamo msomali.

"Akulu, icho chisiyeni," ndinatero ndili kumbuyo kwa amai aja.

"Iwe unabwela kudzalila malilo, lila. Mawa njovu zikabwela udzaziwombela m'manja?"

Anatola mwala n'kumenya mutu wa msomali.

Kulira kwa chipolopolocho kunali kwakufupi, kouma. Chigoba chinang'ambika m'dzanja, moto n'kugwera m'mbale, ndipo lawi loyera linadzaza khitchini mpaka kudenga. Amai aja anandigwera pachifuwa. Mkulu wanga anatuluka chokwawa, malaya akuyaka, ndevu zikununkha ngati nkhuku yowauka. Ndinamugubuduza m'matope. Udzu wa denga unagwira moto, ndipo zipolopolo za m'thumba zinayamba kuphulika chimodzi chimodzi. Anthu amene anathamangira ndi ndowa anagona pansi kuseri kwa nkhokwe. Khitchini inapsa yonse.

Chala chachikulu panalibe. Cholozera chinkalendewera ndi khungu, fupa loyera lili poyera. Magazi ankatumpha motsatira mtima. Ndinamanga mkono ndi mphira wa njinga, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona nkhope. Khungu la m'masaya linali litasupuka, ndipo m'diso lamanja munali kachidutswa ka mkuwa, m'mbali mukutuluka madzi osakanizika ndi magazi. Ankafuna kukazula ndi dzanja lotsalalo. Amuna awiri anamukhalira pamkono.

"Kwada kodi?" anafunsa. Linali dzuwa la masana.

Tinamunyamula pa machira a thumba mpaka kumsewu, kumene lole yotenga feteleza inatikweza. Pa dzenje lililonse ankakukuta mano, ndipo pofika ku Petauke anali atasiya kulankhula.

Kuchipatala anamaliza kudula cholozeracho n'kusoka dzanja. Wapolisi anabwera kudzafunsa za mfuti, ndipo ndinamuuza zonse monga zinachitikira. Pambuyo pake dokotala anandiitanira pakhonde. Anati diso lamanja lafa kale, ndipo likasiyidwa likhoza kuononga linzake, limene linangowauka ndi lawi. Ngati lamanzerelo lidzaona, anati sangadziwe mpaka kutupa kutaphwa. Lamanja alichotsa m'mawa, wachibale akavomera. Ndinavomera.