Njinga yanu idakafundabe chitenje changa

Lero m'mawa ndikuchokera ku ntchito kuchipatala, ndapeza aneba akukankhira njinga yawo yamoto m'galaja poti kuzizira kwayamba. Ndinangoima pageti, mtima uli kwa inu, bambo a Tadala.

Mutangogula njinga yanu yamoto ija kuno ku Hull, ku Mangalande, munkati muziyenda nayo chaka chonse ngati ku Zomba. Itakugwetsani pa madzi oundana pakona ya msewu wathu, munalowa m'nyumba mukutsimphina n'kunena kuti, "Basi, iyi ikagone mpaka Malichi." Munaitsuka n'kuilowetsa m'shedi, kanyumba kathu kosungiramo katundu, tcheni munachipaka girizi, batire munalichotsa n'kulisunga m'wadiropu kuti lisazizidwe. Kenako munatenga chitenje changa chatsopano, chija anandipatsa amayi ndikunyamuka kumudzi, n'kuifunditsa. Ndinalalata tsiku lonse. Inu kumangoseka, amvekere, "Mayi a Tadala, nayonso ndi mlendo kuno, imamva kuzizira ngati ife tomwe." Kuyambira pamenepo Novembala aliyense chinali chitenje chomwecho, ndipo musanatseke shedi munkaisisita pampando n'kuiuza kuti tionana Malichi.

Chaka chatha munaifunditsanso, koma Malichiyo simunamuone. Anthu akhala akundifunsa ngati ndikuigulitsa. Tadala nayenso amafunsa m'Chingerezi chakecho kuti tidzaivundukula liti, ine ndimangoti mawa. Batire lidakali pakati pa malaya anu. Chitenje chija ndinkachilirira sindikuchifunanso ayi. Mfundo zake munamanga ndinu ndi manja anu, ndiye ine ndizimasule bwanji?