Maluwa Amene Anabandiridwa Ngati Chimanga

A Zakeyu Nampota anafika ku Mchinji mu 1989 kuchokera ku Thyolo, kumene banja lawo linalibe munda. Analowa utenanti wa fodya pa esiteti ina kufupi ndi Mlonyeni. Patapita zaka zinayi, mkazi wa mwini esitetiyo, amene onse ankangowatchula kuti adona, anamva kuti a Zakeyu anasamalirapo maluwa kwa mzungu wina wa tiyi. Anawachotsa ku fodya n'kuwapatsa mabedi anayi a jebera, pamodzi ndi nyumba ya malata m'kompaundi. Nyumbayo inali ya ntchitoyo, osati ya munthu.

Jebera ndi duwa lotambalala ngati mpendadzuwa waung'ono, lofiira kapena lachikasu, pa phesi lalitali lopanda masamba. Khosi lake, pamene mizu imathera ndipo masamba amayambira, liyenera kukhala pamtunda. Likakwiririka ndi dothi lonyowa limaola. A Zakeyu ankadziwa zimenezi, koma sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo a Stelia. Ankaopa kuti wina akaidziwa ntchitoyo, iwo adzakhala opanda phindu.

Mu Januwale 1998 malungo anawagoneka m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Ukwati wa mwana wamkazi wa adona unali mwezi wotsatira, ndipo adona anali atalengeza kale kuti sadzagula duwa ndi limodzi lomwe ku Lilongwe. Atagona m'chipatalamo masiku atatu, kapitawo, a Maliko, anaima pakhomo pa a Stelia.

"Mayi, kodi maluwa aja akudziwa kuti amuna anu akudwala? Ofuna nyumbayi alipo ambiri."

A Stelia anatenga khasu. Inali nyengo yobandira, ndipo atapeza zomerazo zili ndi makosi pamtunda, anaganiza kuti mvula yakokolola dothi. Anachita zimene anachitira chimanga kuyambira utsikana wawo: anaunjikira dothi chomera chilichonse mpaka m'masamba, mosamala kwambiri. Kenako mvula inagwa sabata yathunthu.

Atatuluka m'chipatala, a Zakeyu anapita ku mabedi asanalowe m'nyumba. Masamba anali ofota ngakhale dothi linali lonyowa. Anakoka chomera chimodzi ndipo chinangotsala m'manja mwawo, chakuda kumunsi, chonunkha. Anaitana akazi awo.

"Mayi a Tadala, wagwira pano ndani?"

"Ndine. Zinali zosabandira, bambo. Ndimati mudzapeze ntchito ili bwino."

Sanawakalipire. Anagwada n'kuyamba kufukula dothi ndi zala, ndipo akazi awo anagwada pambali pawo. Anatero masiku awiri, akudzidzimuka ndi galimoto iliyonse yodutsa pamsewu. Mwa zomera 160, zimene zinali ndi khosi lolimba zinali 37.

M'kompaundi munamveka kuti wansanje wina anathira mankhwala. Nkhaniyi ikunenedwabe ku Mlonyeni, koma mwa anthu amene ndinawafunsa palibe anatchula dzina kapena kuona kanthu, pamene khasu la a Stelia analiona ambiri. A Maliko analangiza a Zakeyu kuti agwiritse ntchito mphekeserayo.

"Achimwene, duwa silipereka umboni. Nenani kuti akulodzani."

Adona anabwera Loweruka m'mawa. Anayenda m'mabedi onse anayi. Nawonso anakulira pamunda, ndipo mapazi a khasu anawazindikira. A Stelia anali ataima kuseri kwa thanki ya madzi, atagwira pakamwa.

"Wabandira maluwa anga ndani?"

"Ndine, adona," anayankha a Zakeyu.

"Munabandira muli pa bedi la kuchipatala?"

"Khasu linali la mayi akunyumba. Koma zaka zonsezi sindinawauze kuti khosi silikwiriridwa. Mlandu ndi wanga."

Adona anawauza kuti pakutha pa mwezi nyumba ikhale itatsekedwa. Maluwa a ukwati anachokera ku Lilongwe. Adona atalamula kuti mabediwo agaulidwe n'kubzalapo kapinga, a Zakeyu anapempha zomera zotsalazo, ndipo adona anangokupiza dzanja.

A Zakeyu anazinyamula m'thumba lonyowa la feteleza kupita ku Guilleme, kumene mnzawo wina wa mpingo anawabwereka chipinda ndi kadimba. Ndinawapeza kumeneko mu 2003, akugulitsa maluwa kwa okwatira ndi okongoletsa guwa. Galimoto yathu itaima, a Zakeyu anaimirira msanga n'kuvula chipewa, ngakhale pakhomopo panalibe wowachotsa. Ndisanafunse chilichonse anandilozera pansi, nafukula pang'ono ndi chala, n'kundionetsa khosi la jebera. A Stelia anati amatero ndi aliyense, ngakhale wongofunsa njira.