Sindinaime pa Msewu wa ku Tengwe

Ndinaphetsa munthu chifukwa cha mantha anga, ndipo atamwalira ndinamunamizira. Inu owerenga, ndikulemba izi ndili wokalamba, koma ndikakumbukira mtima umandiwirabe.

Inali nthawi ya nkhondo ya m'tchire, dziko lino likutchedwabe Rhodesia. Ndinabadwira pa komboni ya pulazi ina kufupi ndi Marondera, makolo anga atachokera ku Ntcheu. Ndinali dalaivala wa lole yaikulu yokoka thelela yopanda mipanda, imene tinkanyamulira mathalakitala, majenereta ndi makina ena olemera a m'mapulazi a fodya. Womanga katundu anali a Che Amadu, bambo wachisilamu wochokera ku Mangochi, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Katundu amene iwo amanga sankasuntha ngakhale pang'ono.

Tsiku lina bwana wathu anatituma kukasiya katapila wokumbira damu ku pulazi ina ku Tengwe. Pomanga, a Che Amadu anandiitana n'kundionetsa unyolo umodzi wakumbuyo. Unali utang'aluka pamalo ena, dzimbiri lili tho. Anati, "Adalaivala, uwu sukafika. Tiyeni tikapemphe wina." Tinapitadi. Bwana sanadzuke n'komwe pampando. Anati zitsulo zikusowa chifukwa mayiko akunja atseka malonda, ndipo amene watopa ndi ntchito akwere basi abwerere kwawo ku Malawi. Ine ku Malawiko ndinali ndisanapondeko, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati. Ndinaweramitsa mutu, tinatuluka. Panja ndinawauza a Che Amadu kuti asadandaule, ndiyendetsa pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti ndikunama. Masiku amenewo chakumeneko magalimoto ankayenda mumdipiti, moperekezedwa ndi asilikali, ndipo dalaivala sankasankha yekha liwiro.

Titafika pokumanira mdipitiwo, msilikali wina anakwera kutsogolo ndi mfuti yake n'kukhala pampando wa a Che Amadu. Munthu wamkulu uja anauzidwa kuti akwere kumbuyo. Anakakhala pathelela, atatsamira chitsulo chimene chili kuseri kwa dalaivala, katapila ali pamaso pawo. Ine ndinaona, ndinkadziwa za unyolo uja, koma ndinangoliza injini, tinanyamuka.

Titadutsa Karoi n'kulowa msewu wa ku Tengwe, dzuwa lili pamutu, kutsogolo kunamveka kuphulika. Tonse tinaganiza kuti ndi bomba lokwirira kapena kuti anyamata a m'tchire, omenyera ufulu, atibisalira. Malole anayamba kuthamanga ngati amisala. Pakona ina yotsetsereka ndinaponda buleki mwamphamvu. Ndinamva unyolo ukuduka, lole yonse inagwedezeka, kenako ndinamva munthu akukuwa.

Ndinayamba kuimika. Msilikali uja anandigunda ndi mfuti m'nthiti n'kukalipa m'Chishona, "Famba! Usamire!" kutanthauza kuti yenda, usaime. Ndiye ndinapitirira. Inu owerenga, ndinapitirira. Ndinkawamva a Che Amadu akundiitana dzina langa, kenako akuitana Mulungu wawo, mawu akunka nachepa. Mwendo wanga unali pomwepo pafupi ndi buleki, koma sunaponde.

Pofika kupulazi tinawapeza atapanikizidwa miyendo yonse, magazi atayenderera mpaka kumatayala. Anali akupumabe. Anapempha madzi, ndinawamwetsa ndi dzanja langa, ndipo anamwalira anthu asanamalize kukoka katapila uja. Mwini pulazi anayamba wazungulira makina ake kuona ngati aphwanyika, kenako m'pamene anafunsa kuti wafayo ndani. Pambuyo pake tinamva kuti chimene chinaphulika chinali tayala la lole yakutsogolo. Panalibe bomba, panalibe anyamata a m'tchire. Tayala basi!

Choipitsitsa ndinachita ndekha, popanda mfuti m'nthiti. Titabwerera ku Marondera, bwana anandipatsa pepala la apolisi atalilemba kale. Linkanena kuti malemuwo anamanga katundu mosasamala ndiponso kuti anakwera kumbuyo mwa kufuna kwawo. Ndinaliwerenga lonse, chifukwa Chingerezi ndinkachidziwa, ndipo ndinasaina. Munthu amene anachenjeza ndiye anasanduka wolakwa.

Pamaliro, akazi awo, a Abiti Juma, anandiitana pambali. Anati, "Mwatithandiza achimwene, mwatibweretsera mtembo msanga kuti tiike mwa mwambo wathu." Ndinalakalaka akanandilavulira. Sipanapite nthawi, bwana anawatulutsa m'nyumba ya pa komboni pamodzi ndi ana, ati nyumbazo ndi za anthu ogwira ntchito, ndipo wowononga yekha ntchito alibe chake. Mayiwo anakwera basi ya ku Concession kumene kunali mlongo wawo. Sindinawaonenso, ndipo choona sanachimve.

Ndimamukwiyira bwana uja, ndimamukwiyira msilikali uja, koma amene ndimadana naye kwambiri ndi ine. Ntchito imene ndinkaiteteza inatha patangopita miyezi yochepa, bwana atagulitsa malole n'kuthawira kumwera.

Inu amene mumayendetsa malole masiku ano, unyolo ukakhala wokayikitsa, zimitsani injini, tsikani, musanyamuke. Musalole munthu kukhala pafupi ndi katundu wolemera, angakuopsezeni bwanji. Womanga katundu akakuuzani kuti pali vuto, imani naye pamaso pa bwana mpaka zitakonzedwa. Ndipo akakupatsani pepala lonamizira mnzanu amene sangathenso kudziyankhira, likaneni. Ntchito mudzaipeza ina. Ine ndinaipeza, koma mpaka lero ndikamva wina akundiitana kumbuyo ndimaopa kucheuka.