Kalongonda wa Hilda

Ku Mkhumba, m'boma la Phalombe, palibe amene sadziwa kuti Hilda, mwana wa a Sellina uja, ntchito ya ku Lilongwe anaipeza ndi chidebe cha kalongonda, nyemba zija zotchuka kumeneko. Akuti atangomaliza sukulu ya uloya ku Zomba, anasenza chidebecho mpaka ku msonkhano wa maloya. Mabwana kudya, kunyambita zala, wina mpaka kugwetsa misozi amvekere, “Mwana uyu tikapanda kumulemba ntchito, dziko lino latha!” Ena amawonjezera kuti munali kamuzu kochokera ku Mozambique. Amene amaifotokoza bwino kwambiri nkhaniyi ndi amayi ogulitsa tomato pa Boma, oti ku Lilongweko sanapondeko.

Zoona zake n'zosakoma kumva, ndiye tizidutse mothamanga. Hilda anakulira m'munda wa chinangwa. Atamaliza sukulu ntchito kunalibe, ndiye analowa bungwe lina la maloya oona za ndalama za boma, aja amafunsa ngati kontirakiti yomanga mlatho inatsata lamulo, kapena ngati khonsolo ili ndi mphamvu yotolera msonkho wakutiwakuti. Pa msonkhano woyamba atafunsa kuti ndani azilemba zokambirana, aliyense anayamba kuyang'ana foni yake. Hilda anakweza dzanja. Analemba zaka ziwiri, ulere, mpaka akuluakulu anazolowera kuona dzina lake pansi pa pepala lililonse. Mpata utapezeka mu ofesi ina ya boma, bungwe linamulembera kalata yomuyamikira. Basi.

Koma “basi” ameneyu Richard sanamulandire. Richard anaphunzira ndi Hilda kuyambira Sitandade 1 mpaka ku yunivesite, ndipo mayeso onse ankamuposa Hildayo. Mukamudzutsa ngakhale ali ndi malungo, akuuzani malikisi a Fomu 2, ake ndi a Hilda. Za bungwe iye anakana. “Ine ndi mutu wangawu ndizikamwa tiyi ndi anthu okamba za misonkho?” Anatsegula kaofesi pa Boma, kuseri kwa malo ometera, n'kumalembera anthu makalata okanganirana malire a minda. Hilda akatsika minibasi pa holide, a kabaza amalimbirana chikwama chake ngati mwalowa golide. Richard amasuzumira pawindo akukukuta mano, ndipo otola nkhuni kuphiri la Michesi amati phokosolo amalimva.

Chaka chatha kunamveka kuti bungwe lija likubwera pa Boma kudzachita msonkhano wa tsiku limodzi, ndipo wapampando, a Lekani, adzafunsa mafunso maloya achinyamata a m'boma lino n'kusankha mmodzi womulembera kalata ya ntchito. Kalata imodzi yokha. Richard analowa bungwelo sabata yomweyo, tiyi ndi misonkho zonse zitaiwalika.

Munthu wina akanakhala pansi n'kuwerenga malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma. Richard anati zimenezo n'za ana. Chinsinsi ankachidziwa. M'mawa wa tsiku la msonkhano analunjika kumsika kukagula kalongonda wouma.

Tsono mwana aliyense wa ku Phalombe amadziwa kuti kalongonda safuna phuma. Umawiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, dzuwa mpaka kupendeka. Ukamuchita chibwana amakuzunguza mutu. Koma Richard chipitireni ku Zomba ankati chimenecho n'chakudya cha osaphunzira, ndipo kaphikidwe kake anakasiya m'mudzi.

“Achimwene, ameneyu ndi wa mawa, osati lero,” anatero mayi wogulitsayo. “Madzi mukataye kangapo.”

“Mayi, inetu ndi loya,” anayankha Richard.

Anawiritsa maola awiri pa mbaula, kuthira mchere, kuvala suti, n'kukwera kabaza poto ali pamwendo.

Nthawi ya nkhomaliro anazungulira tebulo la akuluakulu akugwada ngati mkamwini. A Lekani, munthu wa ku Kasungu woti kalongonda ankangomumva, anadya mbale ziwiri n'kunena kuti n'ngolimba pang'ono koma chikhalidwe n'chofunika kuchilemekeza. Hilda analipo, koma anali pakona akulemba zokambirana monga mwa masiku onse, ndiye mbale inamudutsa. Richard anaona kuti zimenezo n'zabwino. Mfiti sudya nayo.

Mafunso anayamba 2 koloko, Richard woyamba. A Lekani anaimirira, kutsegula buku la malamulo, kulitseka, kugwira tebulo.

“A Richard, funso loyamba. Holoyi ikuzunguliranji?”

“Bwana, sikuzungulira.”

“Mukunditsutsa?”

A Lekani sanamalize mafunsowo. Maloya asanu olemekezeka, oti akayankhula makhonsolo amanjenjemera, anatuluka akugwira makoma, mataye ali paphewa, kulimbirana chitseko chimodzi cha kuseri. Hilda anatseka laputopu n'kuitana a kabaza asanu, ndipo mzere umene unapita kuchipatala tsiku limenelo anthu anauyesa ukwati. Palibe anamwalira. Madzulo a Lekani atatsitsimuka, kalata ija anailandira mtsikana wina wa ku Michesi amene anangowerenga malamulo, wopanda ngakhale poto.

M'mawa mwake Richard anamupeza Hilda pa siteji akudikira minibasi. Sanamupatse moni.

“Iwe, kalata yapita, ndavomera. Ungondiuza chimodzi. Wako uja unawiritsa maola angati?”

“Wanga uti?”

“Usandipusitse, tinakulira limodzi. Kalongonda amene unadyetsa mabwana! Unathiramo chiyani? Kamuzu kaja unakagula kwa ndani?”

Amayi a tomato anasiya kugulitsa, makutu tcheru. Hilda anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuyankha mokweza kuti msika wonse umve:

“Richard, ine sindinaphikirepo loya aliyense kalongonda. Ngakhale kaphikidwe kake sindikadziwa.”