Gasi wa m'galimoto ya ababa

Galimoto ya ababa inali yakale kuposa ine. Anaigula atapuma ntchito yoyendetsa malole, ndipo inabwera yopanda eyakoni, makina oziziritsa m'kati. Iwo analibe nayo ntchito, poti moyo wawo wonse anayenda chigongono chili pawindo. Anaikitsa eyakoni yochotsa m'galimoto ina yakufa chifukwa cha amayi, amene mphumu inkawagwira akangopuma fumbi kapena utsi.

Chaka china mvula isanayambe, dzuwa likuswa mtengo, tinatsekeredwa pakati pa maminibasi pa Chichiri tikuwaperekeza amayi kuchipatala. Eyakoni inayamba kutulutsa mpweya wofunda. Amayi anapirira, kenako anatsitsa galasi, utsi n'kulowa. Pofika kuchipatala n'kuti pachifuwa pawo pakulira ngati mluzu, ndipo anawagoneka. 

M'mawa mwake anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Limbe. Kuseri kwa mashopu kunali mayi wina wokonza mafiriji, wamfupi, wovala ovolosi ndi duku. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake, amene anachokera ku Mozambique.

"Mungothiramo gasi, mayi," anatero ababa. "Mawa ndikukawatenga akunyumba kuchipatala. Sapuma bwino kukatentha."

Mayiyo anatsegula boneti n'kulumikiza mapaipi a mawotchi ake oyezera, yofiira ndi yabuluu. Mivi yake sinasunthe.

"Ndikangothira, bambo, sabata silitha gasi asanathawenso. Pali pamene akutulukira. Tipapeze kaye."

Anapoperamo mpweya pang'ono, n'kusungunula sopo m'kachitini, n'kuyamba kupaka paliponse pamene mapaipi analumikizana. Poti eyakoniyo inali yochita kuikirira, mapaipi ake anadutsa mokhotakhota, ena atangomangidwa ndi waya. Anayala katoni n'kulowa kunsi kwa galimoto. Ine ndinatopa kuimirira, koma iye osatuluka. Kenako anaitana ababa kuti agwade aone. Paipi ina inkakhulana ndi chitsulo, ndipo pamenepo thovu linkafufuma pang'onopang'ono.

Paipi yofanana nayo mayiyo analibe. Linali Lachisanu, choncho ababa anamusiyira makiyi n'kupita kumzikiti, iye n'kunyamuka wapansi kukasakasaka kwa ogulitsa zitsulo zakale. Anabwera thukuta lili chuchuchu, paipi ili paphewa. Ataimanga, anaikulunga ndi mphira pamalo okhulana paja, ndipo mawaya onse aja anawachotsa n'kumangamo bwinobwino, ngakhale palibe anamupempha.

Ababa atabwera, anayatsa injini. Mayiyo anali atakoka kale mpweya wonse m'mapaipi ndi kapampu kake. Anatsegula silinda ya gasi mosamala, maso ali pamivi, khutu lili ku injini. Kompuresa, pampu yoyendetsa gasiyo, inangoti kha, n'kuyamba kuzungulira. Anandiuza kuti ndiike dzanja potulukira mpweya, ndipo zala zanga zinazizidwa.

"Muziiyatsako ngakhale nyengo yozizira, kuti timphira tisaume," anauza ababa akupukuta manja. "Ndipo akunyumbawo asanakwere, muziyamba mwatsegula zitseko, kutentha kutuluke."

Ababa, amene sankakonda kuyamikira amakaniko, anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

Tsiku lotsatira tinakawatenga amayi. Anakwera kutsogolo, magalasi onse otseka, ndipo tisanafike ku Soche anali atagona, akupuma mwakachetechete. Titafika pageti pathu ababa anawayang'ana, kenako anandiyang'ana ine pagalasi. Sanaime. Anapitirira pang'onopang'ono kulowera ku Manja, akuzemba maenje, mpaka amayi anadzuka okha n'kufunsa kuti tikupita kuti.